Tinapita ku Southampton Kukafuna Nkhope ya Agogo

Ababa anali atatsala ndi masiku awiri okha ku England pamene tinanyamuka ulendo wa ku Southampton. Ndege yawo yobwerera ku Malawi inali ya Loweruka. Ili linali Lachinayi, tsiku lomaliza pa sabata limene nyumba yosungira mapepala akale a anthu a pa sitima zapamadzi imalandira alendo, ndipo amatseka folo koloko. Mayi wa kumeneko amene ndinkalemberana naye anati tiyesetse kufika cha m'ma wani kuti tikhale ndi nthawi yokwanira.

Ababa anabadwira ku Mangochi. Mayi awo anali a komweko, bambo awo anali mzungu wogwira ntchito pa sitima ya panyanja. Mzunguyo anachoka nkhondo yachiwiri itangoyamba, Ababa akadali kubere, ndipo sanabwerenso kapena kulemba kalata. Chimene anasiya ndi dzina lokha, ndipo nalonso agogo aakazi ankalitchula mwa iwo eni: Pulamu. Chithunzi panalibe. Ababa anakula ndi khungu loyera ndi dzina la amalume awo, anaphunzitsa sukulu ku Zomba mpaka kupuma, ndipo kunyumba kwathu nkhaniyi sinkakambidwa.

Ine ndine namwino ku Leicester. Chaka chimenecho Ababa anabwera kudzandichezera miyezi isanu. Tsiku lina pa wodi, wodwala wina wokalamba amene anagwirapo ntchito pa sitima za katundu anandiuza kuti kale mnyamata aliyense wophunzira ntchito yoyendetsa sitima ankalembedwa m'kaundula. Ndinayamba kufufuza pa intaneti ndikaweruka. Ndinayesa Pullam, Pelham, Plum, osapeza kanthu kogwirika, mpaka ndinapeza mzere umodzi: Edwin Pulham, zaka khumi ndi zisanu, wolowa pangano lophunzira ntchito zaka zinayi ku doko la Southampton. Nditalembera kumeneko, anandiyankha kuti khadi lake lilipo, lili ndi chithunzi, komanso ali ndi buku la kampani imene inamuphunzitsa. Yankho limeneli linafika sabata yomaliza.

Nditawauza, Ababa anati, "Za pa kompyuta aliyense angathe kupanga. Ndikaone pepala lenilenilo."

Amene anatitenga anali a Daka, mnzanga wa ku Zambia amene amasamalira okalamba ku Oadby. Anafika pakhomo panga ku Spinney Hill seveni koloko isanakwane, ogulitsa nyama akungotsegula mashopu. Ababa anali atavala suti ndi tayi, pamwamba jasi lalitali. Ndinawabaya jakisoni wawo wa shuga, anadya phala, ndipo ndinaika m'buti chikwama cha chakudya: masangweji, nthochi, juwisi, ndi kachipangizo koyezera shuga.

"Ba sisita, musade nkhawa," anatero a Daka ataona ndikuyang'ana galimoto yawo yakaleyo. "Motoka iyi ili che bwino. Ku Glasgow inafika, manje Southampton ni chani?"

Pa msewu waukulu wa M1 tinayenda bwino. Pa wailesi ankakangana za Brexit, nkhani yoti Britain ichoke m'bungwe la mayiko a ku Ulaya, a Daka akuwayankha ngati akuwamva. Tinapatuka pa Northampton, tinadutsa Towcester mvula ikuwaza. Ababa anali pampando wakutsogolo, manja pamaondo, osayang'ana kumanzere kapena kumanja. Titangopitirira Brackley ndinamva fungo ngati la m'khitchini poto akapserera, ndiye kutsogolo kwa galimoto kunayamba kufuka nthunzi. A Daka anasiya kuyankha wailesi. Anakhotera pamalo oimapo magalimoto m'mbali mwa msewu, injini ndi kuzima yokha. Nthawi inali kota tu naini.

A Daka anatsegula boneti, anasuzumira, anabwerera akupukuta magalasi awo. Paipi ya madzi inali itang'ambika. Anaimbira okoka magalimoto, ndipo okokawo anati afika pasanathe ola.

Ola linatha. Malole ankadutsa pafupi kwambiri moti galimoto inkagwedezeka, madzi a mumsewu akuthovukira pa mawindo. M'kati munayamba kuzizira. Ndinafunditsa Ababa sikafu yanga m'miyendo, iwo anaichotsa ndi kuipinda bwinobwino, kundibwezera. A Daka anaimbanso, anauzidwa kuti kwachitika ngozi pamsewu wa M40, magalimoto onse okoka ali kumeneko. Ndinafufuza takisi pa foni. Wina anakana kubwera pamsewu waukulu, wina anatchula mtengo wa mpaka ku Southampton umene unandichititsa kungodula foni.

Teni koloko itadutsa ndinati, "Ababa, mwina tingobwerera. Ndiwauza a ku Southampton ajambule khadilo, ndidzakutumizirani pa positi."

"Ndili ndi zaka sevente naini, Esinati," anatero osatembenuka. "Positi yako idzandipeza kuti?"

"Musalankhule choncho."

"Ndalankhula chiyani cholakwa? Iwe ndiwe namwino, ukudziwa. Kunoko sindidzabweranso. Ngati watopa, undikweze basi, pakamwa ndili napo, ndikafunsa njira."

A Daka anatuluka kukaima pamvula, ngati akuyang'ana galimoto yokoka, koma ndinadziwa kuti akutipatsa malo. Ndinali nditakwiya, komanso ndinali ndi mantha amene sindinawauze aliyense. Nanga ngati Edwin Pulham ameneyu sanali iye? Dzina lokha silikwana. Ndinali nditawakweza munthu wodwala pamsewu chifukwa cha mzere umodzi wa pa kompyuta.

Galimoto yokoka inafika ileveni koloko itadutsa. Woyendetsa anali bambo wamkulu thupi wa ku Romania, wosalankhulalankhula. Anatikweza tonse atatu kutsogolo kwa lole yake, Ababa tinachita kuwakankha kuti akwere masitepe. Anatitula pa galaja ina ku Bicester. Makaniko anayang'ana injini, anagwedeza mutu, anati si paipi yokha, galimoto sichoka lero. Ndi bambo wa ku Romania uja amene anatipulumutsa. Anaona Ababa ataima ndi suti yawo pakati pa matayala akale, anafunsa kumene tikupita, ndiye anati, "Kwerani basi ya ku Oxford, ikunyamuka posachedwa kuseri kwa shopu iyo. Ku Oxford kuli kochi, basi yaikulu ya mtunda wautali, ya ku Southampton. Thamangani."

"Yendani, ba tata, yendani," anatero a Daka, akutikankha. "Ine nizasala na motoka. Mukanitumile pikicha."

Kuthamanga ndi munthu wa zaka zimenezo ndi mawu chabe. Ndinathamanga ndekha kukaima pakhomo pa basi, phazi limodzi m'kati lina kunja, dalaivala akundiyang'ana moipidwa, mpaka Ababa anafika akupuma mwabefu. Basiyo inkaima paliponse. Inanyamula amayi a ngolo za ana, ana asukulu, bambo wina wa galu. Ndinagula matikiti a kochi pa foni tili m'njira, awiri omaliza oyandikana, ndipo mtengo wake ndinaubisa kwa Ababa chifukwa akanausintha m'makwacha ndi kudwala nawo. Tinalowa mu Oxford kutatsala mphindi khumi. Njinga zinali ponseponse, basi ikuyenda ngati ikuperekeza maliro. Titatsika ndinawagwira dzanja Ababa, chinthu chimene sindinachitepo chikulireni, ndipo sanakane. Tinapeza dalaivala wa kochi akutseka malo a katundu. Tinanyamuka kota pasiti wani.

Nditakhala pansi ndinaimbira mayi wa ku Southampton uja. Anati nthawi zonse amasiya kutulutsa mapepala hafu pasiti firii, koma athu wawatulutsa kale, ali patebulo. "Koma folo koloko tikutseka," anatero. "Zimenezo si ine ndimalamula."

Pa A34 panali ntchito yokonza msewu. Magalimoto anali mumzere umodzi, kuyenda pang'ono, kuima. Ndinkayang'ana mapu a pa foni, nthawi yofikira ikusunthasuntha: faifi pasiti firii, kota pasiti, twente pasiti. Ababa anatseka maso, ndinaganiza kuti agona.

Titadutsa Newbury anandigwira mkono. Dzanja lawo linali lonyowa, lozizira. Nditawayang'ana, thukuta linali likutsika m'masaya, milomo ikunjenjemera.

"Nabanda," anatero, "wawatsekera ana mawindo?"

Nabanda anali mayi anga, anamwalira kalekale. Pomwepo ndinadziwa. Jakisoni wa m'mawa, phala la sikisi koloko, kuzizira, kuthamanga, ndipo chiyambire sanadye kanthu. Shuga anali atatsika. Ndinapisa dzanja pansi pa mpando kufuna chikwama cha chakudya. Panalibe. Chinali m'buti ya a Daka ku Bicester, ndi juwisi, ndi nthochi, ndi choyezera chomwe.

Zaka zonse zimene ndagwira ntchito, ndaona anthu ambiri shuga atawatsikira, koma osati bambo anga. Ndinakhuthula chikwama changa pamiyendo: makiyi, cholembera, baji ya kuntchito, chingamu chopanda shuga. Ndinaimirira m'kochimo ndi kufuula m'Chingerezi kuti aliyense amene ali ndi chotsekemera andipatse msanga. Anthu anatembenuka, ena anachotsa zomvera nyimbo m'makutu. Mayi wina wachizungu wa imvi, amene anakhala kutsidya kwa kanjira, anatulutsa paketi ya maswiti ofewa m'chikwama chake. Mtsikana wovala hijabu anabwera kuchokera kumbuyo ndi botolo la juwisi wa malalanje, losatsegula.

"Ababa, imwani."

Anakana, anatembenuza mutu ngati mwana. Ndinawagwira chibwano.

"Aphunzitsi," ndinatero mokweza, "imwani ichi tsopano!"

Kaya ndi dzinalo kaya ndi mawuwo, anatsegula pakamwa. Anamwa pang'ono, wina unatayikira pa tayi. Ndinawapatsa maswiti limodzilimodzi, ndikuwerenga kugunda kwa mtima pa mkono wawo. Dalaivala anafunsa pa chokuzira mawu ngati aimike pambali, ndinati ayi, apitirize, koma akonzeke. Mayi wa imvi uja anati mwamuna wake analinso ndi matendawa, ndipo maswitiwo amayenda nawobe ngakhale mwamunayo anapita. Anatulutsanso sangweji ya tchizi, anaidula pakati ndi manja.

Panapita mphindi khumi ndi zisanu zazitali kwambiri pa moyo wanga. Kenako Ababa anayang'ana tayi yawo, anayang'ana ine, anati, "Ndani wandithira zimenezi?"

Pa Winchester kochi inaima, dalaivala anabwera pampando wathu. Anati akhoza kuitana ambulansi pomwepo, chipatala chili pafupi. Akanakhala wodwala wa pa wodi, sindikanaganiza kawiri. Munthu wachikulire, wa mtima wofooka, wopanda choyezera: kuchipatala basi. Nthawi inali itangokwana firii koloko.

"Akuti chiyani?" anafunsa Ababa, ngakhale Chingerezi anachimva bwino lomwe.

"Akuti mupite kuchipatala. Inenso ndikuona choncho."

"Lero ndi Lachingati?"

"Ndikufunsani ndine. Lero ndi Lachingati? Tili kuti? Ine ndine ndani?"

"Lachinayi. Tili pa Winchester, ndawerenga chikwangwani. Iwe ndiwe Esinati, mwana wanga wachitatu, wamakani ngati mayi ako. Muuze dalaivala ayendetse galimoto."

Ndinamuuza dalaivala kuti tipitirira. Anandiyang'ana kanthawi, ndinamuonetsa baji yanga ya unamwino, ngati kuti baji ndi imene ikudziwa. Njira yonse yotsalayo zala zanga sizinachoke pa mkono wa Ababa. Ndinkadziuza kuti china chikachitika, ndidzawauza chiyani achimwene anga ku Zomba.

Tinatsika ku Southampton hafu pasiti firii. Za mzindawo sindikumbuka kanthu, kupatula mphepo ndi mbalame zoyera zolira pamwamba. Pamapu panali mphindi zisanu ndi ziwiri zoyenda pansi, ife tinatenga khumi ndi ziwiri. M'nyumba yosungira mapepala ija tinasochera kanjira kamodzi, mlonda anatilozera masitepe otsikira pansi. Mayi amene ndinkalemberana naye uja anatichingamira pakhomo, wamfupi, wovala juzi yobiriwira. Sanatifunse zambiri. Anatiuza tisiye zikwama ndi majasi m'kabati, anatilembetsa mayina ndi pensulo, anatilowetsa m'chipinda chopanda munthu wina aliyense. Wotchi ya pakhoma inkati kota tu folo.

Patebulo panali buku lalikulu lachikuto chakuda ndi envelopu yaing'ono. Mayiyo anatambasula dzanja kuti atsegule envelopu, koma Ababa anaika chikhatho chawo pamwamba pake.

"Dikirani kaye, mayi," anatero m'Chingerezi chawo cha m'kalasi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Chithunzi chisatuluke. Muuze ayang'ane m'bukumo ngati analembamo kanthu za dzanja lake."

"Dzanja? Dzanja lanji, Ababa?"

"Ungofunsa."

Ndinafunsa. Mayiyo anatsegula pamene anaika kapepala, anayendetsa chala m'mizere ya inki yofiirira. Anatiwerengera. Mnyamatayo anabwera kuchokera ku nyumba ya ana amasiye a anthu a panyanja, ndipo amene anamusainira pangano anali mkulu wa nyumbayo. M'munsimo munali mayina a sitima ndi ndemanga za akapitawo, ulendo ndi ulendo. Khalidwe labwino. Masamu ofooka. Amadwala nyanja ikawinduka. Mayiyo anaima, anayandikitsa nkhope.

"Apa," anatero. "Chaka chake chachiwiri. Anapanidwa ndi chingwe cha makina okwezera katundu. Anataya chala chaching'ono cha dzanja lamanzere."

Ababa anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Amayi ankati akamagwira kapu, kumanzereku kunali zala zinayi," anatero. "Sindinauzepo munthu. Ngakhale mayi ako."

"Bwanji simunandiuze ine? Ndikanafunsiratu, sitikanavutika chonchi."

"Ukanandipezera wa zala zinayi, iwe. Umandimvera chisoni kwambiri."

Anachotsa dzanja pa envelopu. Mayiyo anatulutsa khadi laling'ono, losaposa chikhatho, anaika patsogolo pawo. Pakona panali chithunzi chakuda ndi choyera. Ndinkayembekeza mwamuna, kaya wandevu, kaya wamaso aukali. Koma panali mwana. Khosi lowonda likusambira m'kolala, chipewa cha yunifolomu chachikulu chitatsikira pa makutu, maso atatong'oka ngati wojambulayo wamukalipira.

Ababa anavala magalasi. Anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza khadilo. Wotchi inkamveka. Mayi uja anapita pawindo kukakonza makatani amene sanafunike kukonza.

"Ali ndi zaka zingati apa?"

Ndinafunsa, ndinawauza: khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Ndinabwera ndi mawu," anatero Ababa, osadzutsa mutu. "Ndinayamba kuwakonza ndili Sitandade Firii, tsiku limene anzanga anandiimba nyimbo ya mwana wa mzungu wopanda bambo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwonjezera. Ndinati ndikadzangoona nkhope yake, ngakhale papepala, ndidzamuuza onse." Anapumira m'mwamba. "Nanga uyu ndimuuza chiyani? Ana ngati awa ndawaphunzitsa ambirimbiri. Uyu akuoneka kuti sanadye n'komwe."

Folo koloko inakwana. Panja pa chitseko mlonda anagwedeza makiyi. Mayi uja anatuluka, ndinamva akulankhula naye motsitsa mawu, anabwerera ndi kuti tili ndi mphindi zisanu. Anandilola kujambula khadilo ndi tsamba la bukulo pa foni. Ndinajambula kanayi kuti chimodzi chioneke bwino.

Nditamaliza, Ababa anaimirira. Anakonza tayi yawo yothimbirira ija, anamanga batani la jekete, monga ankachitira akamalowa m'kalasi. Anagogoda tebulo kawiri ndi chala pafupi ndi chithunzicho.

"Iwe mnyamata," anatero m'Chichewa, ndi mawu amene ndinawadziwa kuyambira ndili mwana, a mphunzitsi wolangiza wophunzira amene sanalakwebe. "Udzafika dziko lina lakutali, kotentha. Udzapezako mkazi wabwino, adzakuberekera mwana wamwamuna. Ukadzafika kumeneko, udzakhale."

Anadikira pang'ono, ngati mmene ankadikirira kuti mwana avomere. Kenako anakankhira khadilo kwa mayi uja ndi manja awiri, anathokoza, ndipo anatembenukira kukhomo.